Mmene Mungamalizire Ngongole ya pa Khadi Popanda Kuwononga Credit Score Yanu

Mumalipira mwezi ndi mwezi, simunadumphepo, koma sitetimenti ya khadi lanu la ngongole (credit card) ikabwera mupeza ngongole ili pomwe paja, mwinanso yakwera. Ambiri amene amavutika chonchi si anthu osakaza ayi. Amangolipira ndalama imene banki yawalembera, osadziwa kuti kandalama kameneko kanawerengedwa mwanjira yoti ngongole ikhalitse. Malangizo awa akuthandizani kusiya kuyendera liwiro la banki n'kuika lanu, komanso kuteteza credit score yanu, malikisi amene obwereketsa ndalama amayang'ana asanakukhulupirireni.

Manambala a m'zitsanzo zonse sindinawapatse dzina la ndalama. Ikanipo ndalama imene mumagwiritsa ntchito, masamu ake sasintha.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Sitetimenti za miyezi itatu yapitayi za khadi lililonse, ngakhale lija munaiwala m'kabati
- Sitetimenti ya akaunti imene malipiro anu amagweramo
- Pepala ndi cholembera, kapena pulogalamu yowerengera pa kompyuta
- Foni yowerengerapo masamu komanso yoimbira ku banki
- Lipoti lanu la ngongole lochokera ku credit bureau, bungwe losunga mbiri ya mmene anthu amabwezera ngongole
- Ola limodzi lopanda wokusokonezani

## 1. Lembani zonse papepala limodzi

Pa khadi lililonse lembani zinthu zisanu ndi chimodzi: ngongole yonse, chiwongoladzanja cha pachaka chimene chimalembedwa kuti APR, kandalama kochepetsetsa kamene banki ikufuna kotchedwa minimum payment, malire a ndalama imene khadilo limalola, tsiku limene sitetimenti imatsekedwa, ndi tsiku lomaliza kulipira. Masiku awiriwa ndi osiyana, ndipo mudzaona kutsogoloku kuti onse ali ndi ntchito.

Chenjezo: khadi limodzi limakhala ndi ziwongoladzanja zingapo. Pali cha zogulagula, cha ndalama zotapa pa ATM, ndi cha ngongole yosamutsidwa kuchokera ku khadi lina. Yang'anani kumapeto kwa sitetimenti kumene kuli zilembo zing'onozing'ono, ndipo lembani chilichonse pachokha. Cha ndalama zotapa nthawi zambiri ndicho chokwera kwambiri.

## 2. Werengani zimene banki ikudya mwezi uliwonse

Tengani APR, igaweni ndi 12, kenako muchulukitse ndi ngongole yanu. Mabanki ambiri amawerenga tsiku ndi tsiku, kugawa APR ndi 365, koma njira yachiduleyi ikupatsani nambala yoyandikira mokwanira.

Tinene kuti muli ndi ngongole ya 5,000 pa APR ya 24 peresenti. Pamwezi ndi 2 peresenti, kutanthauza 100. Mabanki ambiri amawerenga minimum payment potenga chiwongoladzanja cha mwezi n'kuwonjezapo 1 peresenti ya ngongole. Apa ikhala 150. Mukalipira 150 imeneyo mumamva ngati mwachitapo kanthu, komatu 100 yapita kwa banki ndipo ngongole yatsika ndi 50 yokha.

Msampha weniweni uli apa: ngongole ikamatsika, minimum payment nayo imatsika. Mwezi wotsatira akuuzani 148 ndi timakobiri, winawo 147, ndipo inu mumasangalala kuti katundu akupepuka. Mukapitiriza choncho, osagulanso kanthu ndi khadilo, pakatha zaka zisanu mudzakhala mudakali ndi ngongole yoposa 2,700. Pakatha zaka khumi idzakhala idakali pafupifupi 1,500. Ku United States, lamulo la CARD Act la mu 2009 limakakamiza mabanki kulemba pa sitetimenti nthawi imene mungatenge mukamalipira minimum payment yokha, komanso ndalama imene mungamalipire kuti mumalize m'miyezi 36. Ngati sitetimenti yanu ili ndi kabokosi kameneko, kawerengeni. Ngati kalibe, masamu mwachita nokhawa akukwanira.

## 3. Siyani kugula ndi khadi, koma musalitseke

Simungakape madzi m'bwato pamene chiboo chidakali chotseguka. Chotsani khadilo m'chikwama, ndipo chofunika kwambiri, lichotseni pa foni ndi pa masitolo a pa intaneti amene analisunga. Zolipira za mwezi ndi mwezi zimene zimadzidula zokha pa khadilo zisamutsireni ku akaunti yanu wamba, kapena muzithetse ngati simuzigwiritsa ntchito.

Pali chifukwa china chimene ambiri sachidziwa. Munthu amene amalipira sitetimenti yonse mwezi uliwonse amapatsidwa masiku opanda chiwongoladzanja pa zimene wagula. Ku United States masikuwa sachepera 21 kuchokera pamene sitetimenti yatumizidwa. Koma mukangotsala ndi ngongole yodutsa mwezi, pa makhadi ambiri mwayi umenewu umatha, ndipo chilichonse chatsopano chimene mwagula chimayamba kubereka chiwongoladzanja tsiku lomwelo.

Chenjezo: musapse mtima n'kuimba foni kuti alitseke. Ngongole imakhalabe ngakhale khadi litatsekedwa, ndipo kutseka kungagwetse malikisi anu. Tifikako pa gawo 8.

## 4. Ikani dongosolo loti minimum payment izidzilipira yokha

Uzani banki, kapena konzani pa foni, kuti minimum payment ya khadi lililonse izidulidwa yokha ku akaunti yanu. Iyi si njira yothetsera ngongole, ndi mpanda chabe woti musagwere m'dzenje tsiku limene mwadwala kapena mwaiwala.

Kuchedwa kulipira kumapweteka pawiri. Chindapusa chimabwera msanga, ngakhale mutachedwa tsiku limodzi. Koma bala lalikulu limabwera mukadutsa masiku 30, pamene banki ingauze ma credit bureau kuti mwachedwa. Ku United States chizindikiro chimenecho chimakhala pa lipoti lanu zaka 7, ku United Kingdom zaka 6. Pa malikisi a FICO, mtundu wa credit score wofala ku United States, amene amayambira 300 kufika 850, mbiri ya kalipiridwe imatenga 35 peresenti, gawo lalikulu kuposa onse.

Ngati tsiku lolipira limafika malipiro anu asanagwe, pemphani banki ilisunthe. Mabanki ambiri amalola, ndipo salipiritsa.

Chenjezo: onetsetsani kuti mu akaunti muli ndalama tsiku lodula. Kudula kukakanika mungalipire chindapusa mbali zonse ziwiri.

## 5. Sankhani nambala yanu yokhazikika

Gawo limeneli ndiye mtima wa nkhani yonse. Yang'anani sitetimenti ya akaunti yanu ya miyezi itatu, chotsani zofunika zenizeni monga nyumba, chakudya, mayendedwe ndi mankhwala, ndipo muone ndalama imene mungathe kupereka ku ngongole mwezi uliwonse osalephera. Nambala imeneyo ikhale yokhazikika. Banki ikatsitsa minimum payment, inu musatsitse.

Tibwerere ku ngongole ija ya 5,000 pa 24 peresenti. Mukangoumirira pa 150 yomweyo mwezi uliwonse, osatsika nayo limodzi ndi banki, ngongole imatha m'miyezi 56, chiwongoladzanja chonse n'kukhala pafupifupi 3,300. Taonani kuti simunawonjezere kanthu pa ndalama ya mwezi woyamba, mwangokana kutsika, koma ngongole imene ikanadutsa zaka khumi yatha zaka zisanu zisanakwane. Mukakweza kufika pa 250, imatha m'miyezi 26 ndipo chiwongoladzanja chimakhala pafupifupi 1,450. Pa 400 imatha m'miyezi 15, chiwongoladzanja pafupifupi 800. Ndalama iliyonse yopitirira chiwongoladzanja cha mwezi imadula ngongole yeniyeni, n'chifukwa chake kuwonjeza pang'ono kumasintha zinthu kwambiri chonchi.

Ine ndimaona kuti anthu amalakwitsa posankha nambala ya tsiku limene ali ndi mtima wolusa. Amalonjeza 600, mwezi wachiwiri galimoto yawonongeka, abwereranso ku khadi, ndipo amataya mtima. Sankhani nambala imene mungaikwanitse ngakhale m'mwezi woipa. Mwezi wabwino mudzawonjezere pamwamba. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Lipirani tsiku limene malipiro agwa, osati kumapeto kwa mwezi ndi zotsala, chifukwa zotsala sizikhalapo. Komanso poti chiwongoladzanja chimawerengedwa tsiku ndi tsiku, kulipira msanga kumachichepetsako.

Chenjezo: musakokolole ndalama zonse zosunga kuti muponye ku khadi. Siyani kangachepe ka mwadzidzidzi. Popanda kameneko, vuto loyamba lidzakubwezerani ku khadi lomwelo.

## 6. Sankhani khadi loyamba kuligwetsa

Ngati muli ndi makhadi angapo, lipirani minimum payment pa onse, ndipo zotsala za nambala yanu ija ziponyeni pa khadi limodzi lokha. Likatha, ndalama yonse imene linkadya isamukire pa lotsatira.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, imene amaitcha avalanche, imayamba ndi khadi la chiwongoladzanja chokwera kwambiri. Yachiwiri, snowball, imayamba ndi ngongole yaing'ono kwambiri. Mukakhala ndi khadi la 800 pa 19 peresenti, la 3,000 pa 27 peresenti ndi la 1,500 pa 22 peresenti, njira yoyamba ikuti yambani ndi la 3,000, yachiwiri ikuti yambani ndi la 800.

Pamasamu, yoyamba ndiyo imapulumutsa ndalama zambiri nthawi zonse. Koma munthu si masamu. Ngati mukudzidziwa kuti mumafooka mukapanda kuona chipatso msanga, gwetsani kakang'onoko kaye, mumve kukoma kwa sitetimenti yolembedwa ziro, kenako mupite ku chiwongoladzanja chokwera. Choipa n'kugawa ndalamayo mofanana pa makhadi onse, chifukwa palibe limene limatha msanga.

## 7. Yesani kutsitsa chiwongoladzanja

Imbani ku banki. Nenani mwaulemu kuti mwakhala nawo zaka zingati, kuti mwakhala mukulipira pa nthawi yake, ndipo mukupempha atsitse APR. Angakane, koma kufunsa sikulipiritsa ndipo sikukhudza malikisi anu. Lembani tsiku ndi zimene mwagwirizana.

Njira ina ndi kusamutsa ngongole kupita ku khadi lina lopanda chiwongoladzanja kwa kanthawi, imene amati balance transfer. Kawirikawiri amadula 3 mpaka 5 peresenti ya ndalama yosamutsidwa. Pa 5,000 ija, 3 peresenti ndi 150, ndiye ngongole ikhala 5,150. Ngati mwayiwo ndi wa miyezi 18, gawani: mufunika kulipira pafupifupi 287 pamwezi kuti ithe nthawi isanakwane. Chitani masamu amenewa musanasaine. Ngati nambalayo simungaikwanitse, dziwani kuti zotsalazo zidzayamba kubereka pa chiwongoladzanja chonse.

Palinso ngongole wamba ya ku banki yolipirira makhadi onse kamodzi. Ubwino wake ndi wakuti ili ndi tsiku lothera. Imathandiza pokhapokha chiwongoladzanja chake, kuphatikiza zolipira poitenga, chili chotsika kuposa cha makhadi.

Chenjezo: njira ziwirizi zimasiya makhadi akale ali opanda ngongole, ndipo apa m'pamene ambiri amagwera. Amayambanso kugula nawo, pakatha chaka ali ndi ngongole ziwiri. Komanso kuchedwa kulipira kamodzi kokha kungathetse mwayi wa ziro peresenti uja. Ndipo musasinthe ngongole ya khadi kukhala ngongole yokhala ndi chikole cha nyumba yanu musanaganize mofatsa: ngongole ya khadi ilibe chikole, koma inayo ikakukanikani mungataye pogona.

## 8. Samalirani kuchuluka kwa malire amene mwagwiritsa ntchito

Gawo lachiwiri lalikulu pa malikisi a FICO, 30 peresenti, ndi ngongole imene muli nayo, makamaka poyerekeza ndi malire a makhadi anu. Gawani ngongole ndi malire. Khadi la malire a 2,000 lokhala ndi ngongole ya 1,500 lili pa 75 peresenti, ndipo obwereketsa amaona ngati munthuyo wapanikizika. Alangizi ambiri amati mukhale pansi pa 30 peresenti, koma nambala imeneyi si mzere wamatsenga. Kutsika kulikonse kumathandiza, ndipo amalikisi apamwamba amakhala pansi kwambiri kuposa apo. Owerengera malikisi amayang'ana khadi lililonse palokha komanso onse pamodzi.

Tsopano onani chimene kutseka khadi kumachita. Muli ndi makhadi awiri, la malire a 4,000 ndi la 6,000. Ngongole yanu ndi 3,000, yonse pa loyambalo. Pamodzi muli pa 30 peresenti. Mukatseka la 6,000 lija poganiza kuti mukudzisunga, mwatsala ndi malire a 4,000 okha, ndipo mwalumpha kufika pa 75 peresenti osagula ngakhale kanthu kamodzi. Khadi lopanda ngongole lisiyeni lotseguka, pokhapokha ngati limakudyerani ndalama yapachaka yopanda phindu kapena mukudziwa kuti simungapirire kuliona.

Tsiku lotseka sitetimenti lija likugwira ntchito apa. Mabanki ambiri amatumiza ku ma credit bureau ngongole imene ili pa khadi tsiku limenelo, osati tsiku lomaliza kulipira. Ndiye munthu angamalipire zonse mwezi uliwonse koma n'kumaonekabe ngati wadzaza khadi. Mukafuna kuti nambala yotumizidwa ikhale yaing'ono, makamaka miyezi iwiri musanakapemphe ngongole ya nyumba kapena galimoto, lipirani masiku angapo sitetimenti isanatsekedwe. Chosangalatsa n'chakuti gawo limeneli limachira msanga: ngongole ikatsika, malikisi amatsatira banki ikangotumiza nambala yatsopano.

Magawo otsalawo ndi aang'ono: kutalika kwa mbiri yanu 15 peresenti, ngongole zatsopano 10 peresenti, mitundu ya ngongole 10 peresenti. Musataye tulo chifukwa cha amenewa.

## 9. Werengani lipoti lanu, tsutsani zolakwika

Malikisi amachokera pa lipoti, ndiye lipoti likalakwika nawonso amalakwika. Mabungwe akuluakulu odziwika m'maiko ambiri ndi Equifax, Experian ndi TransUnion, ndipo lililonse limasunga lipoti lakelake, moti cholakwika chingakhale pa limodzi lokha. Ku United States mumapeza malipoti onse atatu kwaulere pa AnnualCreditReport.com. Maiko enanso ambiri ali ndi malamulo olola munthu kuona lipoti lake. Funsani banki yanu kuti imatumiza mbiri yanu kuti.

Fufuzani akaunti imene simukuidziwa, ngongole imene munamaliza koma ikuonekabe, kuchedwa kumene sikunachitike, ndi malire olembedwa molakwika. Mukapeza, lemberani bungwelo komanso banki yokhudzidwa, mutumize umboni monga malisiti, ndipo musunge makope. Ku United States bungwelo limayenera kufufuza kawirikawiri m'masiku 30. Akaunti yachilendo ingatanthauze kuti wina wagwiritsa ntchito dzina lanu, ndiye musachedwe nayo.

Kudziyang'anira lipoti kapena malikisi anu sikugwetsa kanthu. Chimene chimagwetsako pang'ono ndi pamene wobwereketsa afufuza chifukwa mwapempha ngongole yatsopano.

## 10. Malizani bwinobwino

Mukafika pa malipiro omaliza, musangolipira nambala ya pa sitetimenti n'kuiwala. Pakati pa tsiku limene sitetimenti inatsekedwa ndi tsiku limene mwalipira, chiwongoladzanja chinali chikuberekabe, ndipo chidzaoneka pa sitetimenti yotsatira. Kangakhale kandalama kochepa, koma mukakanyalanyaza kamasanduka kuchedwa kulipira. Funsani banki ndalama yothetsera ngongole tsiku lomwelo, ndipo mutsegule sitetimenti ziwiri zotsatira kuti mutsimikize kuti pali ziro.

## Ngati ngakhale minimum payment ikukukanikani

Imbani ku banki musanadumphe, osati mutadumpha. Mabanki ambiri ali ndi dongosolo la anthu amene agwa m'mavuto monga kutha kwa ntchito kapena matenda, lotsitsa chiwongoladzanja kapena malipiro kwa kanthawi. Funsani mmene adzalembere zimenezi pa lipoti lanu, ndipo mupemphe mgwirizanowo polemba. Palinso mabungwe osachita malonda olangiza za ngongole, monga StepChange ku United Kingdom ndi mamembala a National Foundation for Credit Counseling ku United States. Pa nthawi ngati imeneyi pogona, chakudya ndi mankhwala zimabwera patsogolo pa khadi.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwabwerezedwa

Kusiya kangongole dala kuti malikisi akwere. Bodza limeneli lafala kwambiri. Simufunika kulipira chiwongoladzanja kuti mukhale ndi mbiri yabwino. Gwiritsani ntchito khadi pang'ono, lipirani sitetimenti yonse, basi.

Kutapa ndalama pa ATM ndi khadi la ngongole. Amadula ndalama pomwepo, chiwongoladzanja chake n'chokwera, ndipo chimayamba tsiku lomwelo. Kutapa pa khadi lina kuti mulipire linzake ndi katapila wodzikongoza wekha.

Kusatsegula sitetimenti chifukwa cha mantha. Ndalama zodulidwa molakwika kapena mwachinyengo zili ndi nthawi yake yodandaulira, ndipo ikadutsa zimavuta kubweza.

Kupempha makhadi ambiri nthawi imodzi. Pempho lililonse limasiya chizindikiro pa lipoti. Ku United States chimakhalapo zaka 2, ngakhale FICO imawerengera za miyezi 12 yokha. Mapempho ambiri motsatizana amaoneka ngati munthu wasowa pogwira.

Kuthamangitsa malikisi m'malo mwa ngongole. Nambala ya malikisi imene mumaona pa pulogalamu ya foni imakwera ndi kutsika ndi timapointi tochepa mwezi uliwonse, ndiponso ingakhale ya VantageScore, mtundu wina wa malikisi, pamene banki yanu imagwiritsa ntchito FICO kapena njira yakeyake. Kuiyang'ana tsiku lililonse kumangodwalitsa mutu. Kamodzi pamwezi n'kokwanira.

Kusainira mnzanu kapena m'bale ngongole osaganiza. Iye akachedwa kulipira, chizindikirocho chimagweranso pa lipoti lanu, ndipo banki ili ndi ufulu wokulipiritsani ngongole yonse.

Kulipira anthu olonjeza kufufuta mbiri yoipa. Palibe kampani imene ingachotse zinthu zoona pa lipoti nthawi yake isanakwane, ndipo zolakwika mungathe kuzitsutsa nokha kwaulere monga taonera pa gawo 9. Chenjerani makamaka ndi amene amafuna ndalama asanagwire ntchito, kapena amene amakuuzani kuti musiye kulipira banki n'kumapereka kwa iwo kuti akakambirane m'malo mwanu. Pa miyezi imene mwasiya kulipirayo chindapusa ndi chiwongoladzanja zimakhala zikuunjikana, mwezi uliwonse ukulembedwa pa lipoti lanu ngati wochedwa, ndipo banki siikakamizidwa kuvomera zimene iwo adzapemphe.